Wapita kukaphunzira, wabwerako ndi chikhakha: za kugwa ndi kuvulala pa sukulu za njinga zamoto za pa track

Nkhani yake imayenda chimodzimodzi pafupifupi nthawi zonse. Munthu wagula njinga yamoto yamphamvu, anzake amuuza kuti iwe usamathamangire pamsewu ufa, pita kusukulu ya pa track akakuphunzitse bwinobwino. Iye wamvera, walipira, wapita. Madzulo a tsiku lomwelo chithunzi chayamba kuzungulira, ali pabedi kuchipatala mkono atauyedzeka pachifuwa, njinga yapalika mbali yonse imodzi. Nde mkangano umayambira pamenepo. Ena amvekere sukuluyo ndi yosasamala, aphunzitsi anali kuti. Ena amvekere wazifuna yekha, anasaina ndi dzanja lake. Palinso aja amangoti mwaonatu, njinga ndi bokosi la maliro basi, kaya pamsewu kaya kusukulu.

Ine mlandu wa munthu sindiweruza pano. Ndingofuna tifotokozerane mmene zinthuzi zimayendera, chifukwa mumkanganowu anthu amaphatikiza zinthu ziwiri zosiyana, kugwa ndi kuvulala. Chimene chimagwetsa munthu ndi china, chimene chimamuthyola ndi chinanso. Sukulu imalimbana ndi choyambacho, kamangidwe ka track ndi zovala zimalimbana ndi chachiwiricho, ndipo zonse ziwiri zili ndi pamene zimathera.

Kodi track ndi chani, nanga sukulu yake imatani?

Track ndi msewu waphula wozungulira, wotchingidwa, womangidwira mipikisano ya magalimoto ndi njinga zamoto. Zitsanzo zake ndi Silverstone ndi Donington Park ku England, Laguna Seca ku California, Mugello ku Italy, Phillip Island ku Australia, Kyalami ku South Africa. Mulibe galimoto yobwera kutsogolo, mulibe woyenda pansi, mulibe mphambano, aliyense amalowera mbali imodzi. Masiku amene kulibe mpikisano eni ake amachititsa lendi bwalolo, ndipo ndi mmene munthu wamba amalowera.

Njira zake ndi ziwiri ndipo anthu amazisokoneza. Pali imene amati track day, pamenepa umangolipira n'kumazungulira, amangokugawani m'magulu malinga ndi luso, oyamba kumene paokha, apakatikati paokha, akatswiri paokha. Ndiye pali sukulu yeniyeni, kumene umayamba wakhala m'kalasi, akufotokozera phunziro limodzi, kenako umalowa pa track kukayesa phunziro lomwelo mphunzitsi ali kumbuyo kapena kutsogolo kwako pa njinga yake, ukatuluka akuuza zimene waona. Imodzi mwa sukulu zakale zodziwika ndi California Superbike School imene Keith Code anayambitsa mu 1980. Phunziro lawo loyamba limadabwitsa ambiri: kuzungulira track yonse mu giya imodzi osagwira buleki, kuti munthu aphunzire kuyeza liwiro ndi maso asanalowe pakona.

M'mawa musanayambe amayendera njinga iliyonse, matayala, mabuleki, tcheni, ngati ikudontha oyilo. Magalasi oonera kumbuyo malo ambiri amawamata tepi kapena kuwachotseratu, chifukwa za kumbuyo si zako, amene akufuna kukudutsa ndi amene ali ndi udindo wodutsa bwino. Kenako amafotokoza za mbendera zimene ma marshal, anthu oyang'anira amene amaima m'makona, amakupiza. Yachikasu ndiye kuti kutsogolo kuli vuto, chepetsa, osadutsa mnzako. Yofiira ndiye kuti zonse zaima, bwererani pang'onopang'ono. Yachikasu yokhala ndi mizere yofiira ndiye kuti pansi pakuterera. Yakuda ikalozedwa kwa iwe, tuluka akufuna akulankhule. Gulu lililonse limalowa kwa mphindi 15 kapena 20, kutuluka, kupuma, kulowanso, mpaka madzulo.

Ndiye mwaona kuti dongosolo lilipo ndithu. Nanga amagwa bwanji?

Zonse zili pa kachigawo ka tayala kochepa ngati chikhatho

Njinga yamoto yolemera makilogalamu 200, kuphatikiza munthu pamwamba, imakhudza pansi malo awiri okha, ndipo malo aliwonse ndi ochepa ngati chikhatho cha dzanja, mwinanso kucheperapo. Kumanga buleki, kukhota, kupatsa moto, zonse zimadutsa pa tizigawo tiwiri timeneti.

Tiyerekeze kuti mphamvu ya tayala yogwira pansi ndi ndalama za m'thumba, zilipo 100 basi. Ukuyenda molunjika ukhoza kuthera zonse 100 pa buleki, palibe vuto. Koma ukapendeketsa njinga kuti ukhote, kukhotako kwatenga kale zake, tinene 80. Zatsala 20. Ukafinya buleki ya 40 pamenepo ngongole kulibe, tayala limangosiya. Liwiro likakwera pakona yomweyo njinga imayenera kupendekeka kwambiri, ndiye kukhota kumadya zambiri, zotsala zimachepa. Akatswiri a MotoGP, mpikisano waukulu wa njinga zamoto padziko lonse, amapendeketsa mpaka kupitirira madigiri 60 chigongono chikukhudza pansi, koma iwo matayala awo ndi ena, komanso amadziwa ndalama zawo mpaka yomaliza.

Chovuta n'chakuti m'thumbamo simukhala 100 nthawi zonse. Labala wa tayala amagwira bwino akatentha. N'chifukwa chake ochita mipikisano amafunditsa matayala mabulangete amagetsi mpaka afike madigiri pafupifupi 80 asanalowe. Wophunzira amene alibe mabulangetewo amayenera kuzungulira kamodzi kapena kawiri modekha kuti matayala atenthe, ndipo apa ndi pamene ambiri amapusitsika: nthawi yapitayi kona iyi ndinadutsa pa liwiro lakuti, ndiye panonso ndidutsa, kuiwala kuti njinga yakhala poima mphindi 40, kapena mwangochokera ku nkhomaliro. Tayala likhozanso kutentha mbali imodzi mbali ina ili yozizira. Track ya Sachsenring ku Germany ili ndi makona 10 okhotera kumanzere koma 3 okha okhotera kumanja, ndipo kona ya nambala 11, yakumanja imene imabwera munthu atakhotera kumanzere nthawi yaitali, yagwetsa akatswiri ambiri chifukwa chomwechi. Onjezanipo mvula, oyilo wodontha pa njinga ya mnzako, mzere wa penti wonyowa, tayala lakale louma, mpweya wolakwika m'tayala. Zonsezi zimakubera m'thumba osakuuza.

Kugwa kwake kuli mitundu iwiri

Woyamba amati lowside. Tayala, kawirikawiri lakutsogolo, lasiya kugwira njinga ili chipendekere, ndiye njinga imangogona mbali yomwe inapendekera n'kuyamba kukhwekhwereza. Amene anatererapo pa njinga yakapalasa pakona ya mchenga akudziwa. Munthu amakhala ali kale pafupi ndi pansi ndiye sagwa kuchokera patali, amangozindikira akutsetsereka chagada kapena cham'mbali. Ambiri pa lowside amadzuka okha, chimene chavulala kwambiri ndi njinga ndi mtima.

Wachiwiri ndi highside, ndipo uyu ndi woipa. Amayamba ndi tayala lakumbuyo, makamaka potuluka pakona munthu akapatsa moto wambiri njinga isanadzuke. Kumbuyo kumayamba kuthawira kunja. Zikanapitirira choncho ikanakhala lowside basi. Koma munthu akamva kumbuyo kukuthawa, dzanja limatseka moto lokha, tayala lija n'kugwiranso pansi mwadzidzidzi njinga itayang'ana kale cham'mbali. Mphamvu yonse ija ilibe kolowera, njinga imadzuka mwaukali n'kumuponya munthu m'mwamba ngati mwala wa pa legeni, kudutsa pamwamba pa njingayo. Amatera ndi phewa, mutu, msana kapena chiuno, ndipo nthawi zina njinga imabwera pambuyo pake ikugubuduka kulowera komwe iye wagwera. Zonsezi zimachitika sekondi isanathe.

Njinga zamakono zili ndi kompyuta zothandiza. ABS imaletsa tayala kuuma ukafinya buleki kwambiri, traction control imachepetsa moto ikamva kuti lakumbuyo layamba kuzungulira pachabe. Zachepetsa ma highside ndithu. Koma kompyuta singapange kugwira kumene kulibe, ukalowa pakona ndi liwiro loposa zimene tayala lingathe ilibe chochita.

Pali kugwa kwinanso kosafuna dzina: kulephera kukhota n'kungopita molunjika kunja kwa phula, ndi kugundana ndi mnzako.

Tione pafupi, masekondi atatu a wophunzira mmodzi

Tiyerekeze munthu, tsiku lake loyamba. M'mawa anali ndi mantha ndiye ankayenda bwino, kumvera chilichonse. Pofika masana wayamba kuzolowera, wadutsako anthu awiri, mphunzitsi wamuyamikira. Thupi latopa koma iye sakudziwa, chifukwa kukwera pa track ndi ntchito yolemetsa, miyendo, khosi, manja, komanso mutu, ndipo mu suti yachikopa munthu amatuluka thukuta kwambiri. Kutsogolo kwake kuli wina wothamangako pang'ono. Akuti ameneyu ndimutsatira.

Afika pakona yakumanzere, uja wakutsogolo wamanga buleki mochedwa chifukwa amaidziwa konayo. Wathuyu nayenso wachedwa. Pa makilomita 100 pa ola njinga imayenda mamita pafupifupi 28 pa sekondi imodzi, ndiye kuchedwa theka la sekondi ndi mamita 14 apita. Mtima wagunda kuti ndalowa mothamanga. Maso achoka kumene kona ikupita, akhazikika pa timiyala ta kunja kwa phula. Manja auma gwa pa mahandulo. Zala zafinya buleki yakutsogolo.

Chilichonse mwa zitatuzi chikuipitsa zinthu. Njinga imapita kumene maso akuyang'ana, ndiye ukayang'ana chimene ukuopa umachilondola, akatswiri amati target fixation. Manja akauma njinga imakana kukhota, chifukwa pa liwiro njinga yamoto imakhota ukakankha pang'ono handulo ya mbali yomwe ukufuna kupita, ndipo mkono wouma sungakankhe mofewa. Buleki yofinyidwa mwadzidzidzi njinga ili chipendekere imachita chimodzi mwa ziwiri, kuidzutsa njinga kuti ipite molunjika kunja, kapena kumaliza ndalama zija za tayala lakutsogolo. Keith Code zimenezi amazitchula kuti survival reactions, kutanthauza zimene thupi limachita lokha pofuna kudzipulumutsa. Poyenda pansi zimatipulumutsadi, ukaona choopsa umachiyang'anitsitsa, kuuma, n'kuima. Pa njinga ndi zomwezo zimakugwetsa.

Chowawa n'chakuti nthawi zambiri njingayo ikanakhota. Liwiro limene wophunzira amaliona ngati loopsa limakhala lochepa kwa njingayo ndi matayala ake, mphunzitsi amadutsa pomwepo mothamanga kuposa apo akuyang'ananso kumbuyo. Malire amene anafika ndi a m'mutu mwake. Ntchito yonse ya sukulu ndi kusuntha malire amenewo pang'onopang'ono, ndipo vuto lake lili pomwepo, kuti uwasunthe uyenera kuwayandikira. Mphunzitsi akhoza kukuona kuti wayamba kupupuluma n'kukutulutsa kukakulankhula, ndipo aphunzitsi abwino amatero, koma dzanja limene lili pa buleki ndi lako, iye ali pa njinga ina mamita 20 kumbuyo.

Chimene chimathyola munthu

Liwiro palokha silithyola fupa. Chimathyola ndi kuima mwadzidzidzi. Tengani dzira, ligubuduzeni pansi mwamphamvu, lipita kutali n'kuima lili bwinobwino. Dzira lomwelo liwombetseni kukhoma pa liwiro lochepa, latha. Munthu akagwa pa makilomita 120 pa ola n'kutsetsereka mamita ambirimbiri popanda chomugunda, mphamvu ija imatha pang'onopang'ono, chikopa cha suti ndi chimene chimadyeka. Koma kuwomba chinthu chosasuntha pa makilomita 50 okha pa ola kuli ngati kugwa kuchokera pamwamba mamita 10. Ndipo liwiro likawirikiza kawiri mphamvu imawirikiza kanayi, ndiye pa 100 kuli ngati kugwa kuchokera mamita pafupifupi 40.

Apa ndi pamene track imasiyana ndi msewu. Pamsewu ukatsetsereka ukumana ndi mtengo, pholo, ngalande, mlatho, kapena galimoto yobwera. Pa track kunja kwa kona anasiya malo aakulu opanda kanthu, phula lowonjezera, udzu, kenako bwalo la timiyala lakuya limene limamwa liwiro, ndipo kumapeto kwake khoma amalitchinga ndi matayala omangidwa pamodzi kapena zitchingo zopopedwa mpweya. Anthu amene amati track ndi yabwino kuposa msewu akunena zimenezi, ndipo akunena zoona. Amene amati komabe anthu amavulala nawonso akunena zoona, chifukwa pa track munthu amathamanga ndi kupendeketsa kuposa mmene angachitire pamsewu, ndiye mpata wogwa umakhalapo ndithu. Komanso ma track safanana, ena anamangidwa kalekale poganizira magalimoto ndipo makoma ali pafupi. Timiyala tomwe tija nthawi zina timakola phazi kapena phewa munthu n'kuyamba kugubuduka, ndipo kugubuduka ndi kumene kumathyola manja ndi miyendo.

Pali choopsa chimodzi chimene kamangidwe ka track kalephera kuthetsa, kugundidwa ndi njinga yobwera kumbuyo. Katswiri wa MotoGP Marco Simoncelli anamwalira pa 23 October 2011 ku Sepang m'dziko la Malaysia, njinga yake itaterereka n'kubwerera pakati pa track iye ali pomwepo, awiri amene ankabwera kumbuyo analibe kothawira. Shoya Tomizawa ku Misano m'dziko la Italy mu 2010 ndi Jason Dupasquier ku Mugello mu 2021 anapitanso mwa njira yofanana. Zimenezo zinachitika kumipikisano, kumene njinga zimayenda mothithikana. Kusukulu amayesetsa kutalikitsa anthu ndi kuika malamulo a kadutsidwe, gulu la oyamba kumene malo ena amaloleza kudutsana polunjika pokha, chifukwa cha choopsa chomwechi.

Zovala nazo zimagwira ntchito ziwiri zomwezi. Suti yachikopa, magolovesi aatali ndi jombo ndi za kutsetsereka, kuti phula lidye chikopa cha ng'ombe m'malo mwa chako. Zolimba za m'mapewa, m'zigongono, m'mawondo ndi chotchinga msana ndi za kuwomba, zimamwaza mphamvu kuti isagwere malo amodzi. Ku Europe zotchinga msana amaziyeza ndi muyezo wa EN 1621-2, ndipo ya level 2 imalola theka lokha la mphamvu imene ya level 1 imalola kufika pathupi. Masiku ano kulinso ma suti okhala ndi airbag, thumba la mpweya limene limafufuma lokha kompyuta ikamva kuti munthu wagwa, asanafike pansi. Dainese ndi Alpinestars ndi ena mwa opanga, ndipo ku MotoGP analamula kuti aliyense azivala kuyambira 2018. Helemeti mkati mwake muli thovu lolimba limene limaphwanyika kuti mutu uime mochedwerako pang'ono. Limaphwanyika kamodzi basi silibwerera, ndiye helemeti imene yawomba pansi yatha ntchito olo kunja ikuoneka yatsopano.

Koma chikopa sichiletsa fupa kupindika. Ndi chifukwa chake munthu amatha kudzuka opanda bala ngakhale limodzi koma mkati muli zothyoka.

Zimene zimathyoka kawirikawiri

Lotchuka ndi fupa lija lopingasa kuchokera paphewa kupita m'munsi mwa khosi, madokotala amati clavicle. Ukatera ndi phewa mphamvu yonse imadutsa mmenemo ndipo ndi lopyapyala. Kwa munthu wamkulu limatenga milungu 6 mpaka 12 kuti ligwirane, nthawi zina amangomangirira mkono, nthawi zina amachita opaleshoni kuika kachitsulo ndi masikuluwu.

Kenako dzanja, chifukwa munthu akamagwa amatsogoza manja. Apa pali kafupa kena kachinyengo kotchedwa scaphoid, kali pamfundo ya dzanja m'munsi mwa chala chachikulu. Kakathyoka sikapweteka kwambiri, munthu amati ndangobinya, ndipo X-ray ya tsiku loyamba nthawi zina sionetsa kanthu, madokotala amajambulanso pakadutsa masiku 10 mpaka 14 kapena kugwiritsa ntchito makina ena. Magazi amafika movutikira m'kafupa kameneka ndiye kakanyalanyazidwa kakhoza osagwirana, dzanja n'kumavuta zaka. Nthiti zimathyokanso, zimapola zokha pa milungu pafupifupi 6 koma kutsokomola ndi kuseka kumakhala chilango, ndipo nthiti yothyoka ikhoza kuboola phapo. Kumenyeka kumanzere kwa mimba kukhoza kung'amba kapamba munthu n'kumataya magazi mkati akuyenda bwinobwino. Akakolo ndi mapazi zimavulala njinga ikakugonera.

Ndiye pali ubongo. Helemeti imateteza chigaza, koma ubongo uli ngati ukuyandama mkati, mutu ukaima mwadzidzidzi iwo umagwedezeka. Amati concussion, ndipo sizidalira kuti munthu wakomoka. Zizindikiro zake ndi mutu kupweteka, chizungulire, nseru, kuwala kusowetsa mtendere, kusakumbukira mmene wagwera, kufunsa funso lomwelo kangapo. Zina zimabwera patapita maola. Amene wavulala chonchi ndi amene sangadziyeze yekha, chifukwa chiwalo choyezera ndi chomwe chagwedezekacho. Kumenyekanso kachiwiri ubongo usanachire ndi koopsa kwambiri, n'chifukwa chake achipatala a pa track akakayikira amakuletsa kukweranso tsiku limenelo olo ulumbire kuti uli bwino. Kusanza mobwereza, mutu wokulirakulira, kugona kosadzutsika, dzanzi kapena kufooka kwa mkono kapena mwendo, zimenezo ndi za kuchipatala nthawi yomweyo.

Mphindi zoyamba uli pansi

Amene anagwapo amanena zofanana: phokoso la kukhwekhwereza, kumwamba ndi pansi kusinthana, kenako zii. Timiyala tadzaza m'helemeti, mpweya ukukana kulowa, kutali ukumva injini za anzako zikuchepetsa.

Malangizo amene amaperekedwa ndi ochepa. Isiye njinga, usaikakamire. Usatambasule manja kuti udziimitse. Usafulumire kuimirira, chifukwa munthu amaganiza kuti waima pamene akutsetserekabe, akaponda pansi amayamba kugubuduka, ndiye amati uyambe wawerenga pang'ono kaye. Ngati waima pa phula ndipo ukutha kuyenda, yang'ana kumene njinga zikuchokera n'kuchokapo, upite kuseri kwa chotchinga, njinga ma marshal aitola. Ngati khosi kapena msana ukupweteka, kapena sukumva miyendo, khala momwemo, mbendera yofiira ituluka ndipo ambulansi imene imakhala pa track tsiku lonse ibwera. Helemeti amavula ndi anthu ophunzitsidwa, awiri, wina atagwira khosi. Ndipo mnzako akagwa kutsogolo kwako suima kuti umuthandize, olo akhale m'bale wako, chifukwa njinga yoima pa track ndi ngozi yachiwiri.

Mphindi zoyambazi thupi limakhala litadzaza adrenaline, mankhwala amene thupi limatulutsa lokha pa mantha, ndipo amabisa ululu. Munthu amadzuka, kukankha njinga, kuseka, kujambulitsa, pakatha theka la ola akulephera kuvula suti. N'chifukwa chake malo ambiri aliyense wagwa amayenera kuonedwa ndi achipatala, njinga ndi helemeti kuyenderedwanso, asanaloledwe kubwerera.

Nanga fomu ija anasaina, ndipo alipira ndani?

Palibe amalowa pa track osasaina fomu yovomereza kuti akudziwa kuti masewerawa ndi oopsa, akhoza kuvulala kapena kufa, ndipo sadzaimba mlandu eni ake. Anthu ena amaganiza kuti fomuyi imatseka chilichonse, ena amati ndi pepala chabe. Zimatengera dziko. Ku UK lamulo la Consumer Rights Act la 2015 limati wochita malonda sangadzichotsere mlandu wa imfa kapena kuvulala kobwera chifukwa cha kusasamala kwake, kaya munthu anasaina chani. Ku America zimasiyana state ndi state, koma m'madera ambiri makhoti amailemekeza fomuyi pokhapokha kusasamalako kukhale kopyola muyezo. Kulikonseko funso limakhala limodzi: kodi ichi ndi choopsa cha masewerawo chimene munthu anavomera, ngati kulowa pakona mothamanga, kapena ndi cholakwa cha oyendetsa, ngati kupereka njinga ya mabuleki owonongeka kapena kusiya oyilo pansi osatulutsa mbendera? Milandu yambiri imagwera pakati, ndiye simamveka ndi chithunzi chimodzi.

Za ndalama ndi kumene ambiri amadzidzimuka. Inshuwalansi wamba ya pamsewu kawirikawiri sikhudza za pa track, zinalembedwa m'timalemba ting'onoting'ono tija sitiwerenga. Pali inshuwalansi yapadera ya tsiku limodzi imene munthu amagula payekha. Ukakwera njinga ya sukulu amakuuziratu ndalama imene udzalipire ukaigwetsa, ena amatengeratu chikole. Inshuwalansi ya zaumoyo kapena ya paulendo nayo ina imakana masewera a injini, zofunika kufunsa usanapite makamaka ngati sukuluyo ili dziko lina. Ndipo mukagundana awiri, chizolowezi cha pa track n'chakuti aliyense amakonza yake, olo zioneke kuti wolakwa ndi winayo. Zimawawa koma n'zimene anthu amagwirizana polowa.

Kubwerera

Mu June 2013 pa track ya Assen ku Netherlands, katswiri wa MotoGP Jorge Lorenzo anathyola fupa la paphewa Lachinayi poyeserera, anaulukira ku Barcelona, anamuika chitsulo ndi masikuluwu 8, Loweruka anali pa mpikisano ndipo anamaliza wa nambala 5. Nkhani imeneyi okwera njinga amaikonda, ndipo yapusitsa ambiri. Ina ndi ya katswiri mnzake Marc Márquez, amene anathyola mkono wamanja pa highside pa track ya Jerez ku Spain mu July 2020, n'kuyesa kukweranso patangodutsa masiku ochepa chichitireni opaleshoni. Zinakanika, chitsulo chija chinadzathyoka, chaka chonsecho sanapikisanenso, ndipo opaleshoni yachinayi pa mkono womwewo inachitika mu 2022. Awiriwa anali ndi madokotala apamwamba komanso chikho choti alimbirane. Wophunzira wa tsiku limodzi ali ndi ntchito yomudikira Lolemba.

Fupa likapola pamatsala mutu. Ena sabwereranso, amagulitsa njinga, ndipo palibe chodabwitsa. Ena amabwerera koma amapeza kuti makona onse ali bwino kupatula a mbali imene anagwera, akafika pamenepo manja amauma okha. Aphunzitsi amayamba ndi kufunsa kuti unagwa chifukwa chani, ndipo yankho lakuti njinga inangochoka yokha salilandira, amafuna mudziwe kuti linali tayala lozizira, kapena buleki, kapena maso, chifukwa mantha a chinthu chosadziwika ndi amene amavuta kuchotsa. Akatero mphunzitsi amalowa kutsogolo, kumenya kumbuyo kwa mpando wake ndi dzanja kutanthauza kuti nditsate, n'kuyamba kuzungulira pa liwiro lochepa kwambiri moti munthu amachita manyazi, kudutsa pakona ija kasanu, kakhumi, mpaka maso asiye kufunafuna timiyala tija.